A Millie ndi Nyimbo ya Kalongonda

Mukafika kumalaini a esiteti ina ya tiyi cha kum'mawa kwa Boma la Mulanje, musavutike kufunsa nyumba ya a Millie. Ingoimani pa mpopi, mutchere khutu. Kumene kukuchokera nyimbo, n'komweko. Kale anthu akamva mawu amenewo ankayamba adziyang'ana kaye ngati mabatani ali m'malo, ngati chitenje chamangidwa bwino, chifukwa nyimbo ya a Millie sinkatuluka yopanda munthu m'kati mwake.

Mayiwa anabadwira pa esiteti pomwepo. Makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique atasenza mphasa ndi mbewu za nandolo, n'kupeza ntchito yothyola tiyi, ndipo mwanayo anakulira m'mizere ya tiyi. Sukulu anailawako, anaipeza yopanda mchere, n'kuisiya. Koma Mulungu, amene amagawa zinthu osatifunsa, anawapatsa manja othyola tiyi mwachangu ngati nkhuku ikutola mawere, n'kuwonjezerapo mutu wopeka nyimbo. Manjawo ankadyetsa banja. Mutuwo unkadya anthu.

Kapitawo wina anagula njinga yamoto asanaphunzire kuikwera, n'kukalowa nayo m'ngalande. Pofika dzuwa pamutu nyimbo inali itapsa kale, gulu lonse likuvomera, ndipo bamboyo anapempha yekha kuti amusamutsire kudera lina. Mkulu wina wa mpingo anasinza ulaliki uli m'kati n'kufuula "Amen!" pamene mlaliki amatchula Satana, mpaka lero ana amamupatsa moni ndi nyimbo. Ngakhale amuna awo a Millie, malemu a Hudson, anaimbidwa zaka zonse za ukwati wawo. Pa maliro awo mlaliki atanena kuti bambowa apita kukapuma, palibe amene anatsutsa.

Mwana wawo wamwamuna, Fanuel, ndiye yekha amene sanaimbidwepo. Anali mnyamata wofatsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo pamenepo ndi pamene anakumana ndi Rosie, mwana wa dalaivala wa thirakitala, anthu ochokera cha ku Ntchisi. Rosie anakulira m'nyumba za kampani akudya nyemba, mtedza ndi nkhwani, zakudya zaulemu zosafuna kupha munthu. Atakwatirana, anayamba akhala kaye ndi a Millie podikira kupeza pawo.

Tsono kuno kuli chakudya chotchedwa kalongonda. Inu amene simukumudziwa, mvetserani. Amaoneka ngati nyemba, koma mtima wake ndi woipa. Umamuwiritsa, n'kutaya madzi, n'kumusenda makoko, n'kumuwiritsanso, n'kutayanso madzi akuda biiwo, chomwecho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Akagonja amakoma moti umaiwala njira ya kwanu. Ukamufulumiza amakuzunguza mutu, n'kukusanzitsa, mwinanso kuposa pamenepo. Mlomwe aliyense amadziwa zimenezi asanamere mano.

Tsiku lina a Millie ali kuntchito, Rosie anapeza kalongonda m'thumba kuseri kwa chitseko. Sanafunse munthu. Anamuphika ngati nyemba zakwawo, madzi amodzi omwewo, n'kuthiramo tomato ndi anyezi. Fanuel, pofuna kusangalatsa mkazi watsopano, anadya mbale yonse n'kupempha ina. A Millie pobwera anapeza mwana wawo akukwawa pabwalo, atakumbatira mtondo, akuuchonderera kuti usiye kuzungulira. Anathamangira naye kuchipatala, ndipo Mulungu anachita chifundo, anachira.

Zikanathera pamenepo, bwenzi ili nkhani yosekera pakhomo basi. Koma m'mawa mwake, dengu lili kumsana, a Millie anamva kanthu kakuwayabwa pakhosi. Anakhosomola, n'kutuluka izi:

Rosie, Rosie, waphikanji?
Amunako akuvina popanda ng'oma.
Kalongonda si nyemba, mwana wa eni,
Watcheza kachasu mu mphika wa ndiwo.

Kunena zoona, pa nyimbo zonse zimene mayiwa anapeka, iyi ndiyo inali ndi mafuta. Inkalowa m'khutu n'kukana kutuluka. Inachoka m'munda wa tiyi n'kupita kumpopi, kuchigayo, kudepoti ya maminibasi. Rosie akamapita kotunga madzi anthu sankaimba mawu, ayi, ankamuchitira ulemu: ankangoliza mluzu wake. Mtsikanayo sanalire pagulu. Anamanga katundu wake m'chitenje n'kuuza mwamuna wake kuti, "Ine ndikupita. Inu sankhani." Fanuel, amene anali asanasankhepo kanthu chibadwire, anasankha. Anakachita lendi kanyumba ku Limbuli, iye n'kumakonza njinga za akabaza pafupi ndi msika.

"Abwera okha njala ikawaluma," anatero a Millie.

Sanabwere. Mvula inagwa n'kusiya, tiyi anadulidwa n'kuphukanso. Kenako kunamveka kuti Rosie wachira, mwana wamwamuna, dzina lake Sungani. Uthengawo sunabwere ndi Fanuel. Unabwera ndi mayi wogulitsa nthochi, ndipo a Millie anachita ngati ankadziwa kale, koma nthochi imene anagula tsikulo inawolera pawindo.

Loweruka lotsatira anagula chitenje chatsopano choti chikhale mbereko, n'kukwera minibasi. Atafika pakhomo la ku Limbuli anaomba m'manja.

"Odi kuno!"

Fanuel anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake.

"Amayi, mwayenda bwanji?"

"Ndayenda ndi miyendo. Tsegula, ndimuone mwamuna wanga." Pajatu agogo aakazi amatero ndi mdzukulu wamwamuna.

Fanuel anayamba kukanda m'mutu ngati muli nsabwe. "Amake Sungani akuti..."

"Akuti chiyani? Iwowo alibe pakamwa?"

"Ndili napo, apongozi," anayankha Rosie ali m'nyumba, kuseri kwa katani ya pawindo. "Kungoti panga sipapeka nyimbo."

A Millie anaseka, kuseka kwa munthu amene waponda minga pamaso pa alendo. "Iii, mayi, zakale zija? Kunali kucheza chabe."

"Kucheza kwanuko kwandilondola mpaka kuno. Ndikakwera kabaza, wopalasa amaliza mluzu. Ndapita kusikelo ndi mwana, mayi wina pamzere akundifunsa, kodi Rosie wa kalongonda uja ndinu? Mwana wangayu adzakula akumva amayi ake akuimbidwa ndi anthu osawadziwa n'komwe. Munaitulutsa ndinu nyimboyo. Ibwezeni. Anthu akadzasiya kundiimba, mudzabwere mudzamunyamule."

"Nyimbo ndi mbuzi kodi, kuti ndikaikoke ndi chingwe?"

"Zimenezo mukudziwa ndinu eni ake."

M'nyumbamo mwana analira, kamawu kakang'ono ngati kamwana ka mphaka. Mkazi amene ankatha kugwetsa kapitawo ndi mizere inayi anasowa liwu limodzi lotsegulira chitseko cha malata. Anabwerera chitenje chili m'chikwama, chosafutukula.

Lolemba anayamba ndi nzeru imene aliyense akanayamba nayo. Anaima pa mpopi manja m'chiuno n'kulengeza kuti amene amumve akuimba za kalongonda, amuimba iyeyo mpaka asamuke. Anthu anavomera mwaulemu. Pamaso pawo kunali zii. Kumbuyo kwawo nyimboyo inanenepa kawiri, chifukwa tsopano inali yoletsedwa, ndipo ana amene anali ataiiwala anaikumbukira.

Mnzawo wa dengu, a Estele, amene akhala akuthyola nawo mzere woyandikana kuyambira ali atsikana, anawakokera pambali.

"Anzanga, chanuchi si cha mankhwala. N'chiwanda cha pakamwa. Tiyeni kuphiri tikasale kudya, kuli mneneri wa ku Chinakanaka amatulutsa zoterezi."

Anakwera. Pathanthwe lina pamwamba pa minda ya tiyi anapeza anthu ambiri, aliyense akufuulira Mulungu zake. A Millie anati, ngati n'zofuula, ndiye mwandipeza. Anafuula mpaka anyani anasamukira phiri lina. Analamula, anamanga, anamasula, anadzudzula. Dzuwa litapendeka anayamba kutsika m'mimba muli gwaa, mawu atasasa. Kutsogolo kwawo kunali mneneri uja, atavala nsapato zoyera zosongoka ngati mlomo wa kakowa, ndipo pamwala wonyowa nsapatozo zinamuthawa, mtumiki n'kutsetsereka chokhala, Baibulo lili m'mwamba. Asanafike kumsewu, a Millie anazindikira kuti m'mutu mwawo muli kale nyimbo ya nsapatozo, mawu ndi mavume omwe. Anadziluma lilime mpaka analawa magazi.

"Estele," anatero akupukuta pakamwa, "ndinapita kukataya chiwanda chimodzi, ndabwerako ndi mapasa."

"Mawa tibwerezenso."

"Ayi. Tsiku lonse ndalankhula ndine. Mulungu akanafuna kuyankha, akanalowetsa pati mawu? Ndimamuchita zomwe ndinkawachita a Hudson."

Zimene anachita pambuyo pake palibe amene anawaphunzitsa, ndipo simuzipeza m'buku la mpingo uliwonse. Pothyola tiyi munthu amatenga timasamba tiwiri ndi kansonga kake, manja onse awiri akugwira ntchito, ndipo chikhatho chikadzaza amaponya kumbuyo m'dengu osacheuka. A Millie anapangana ndi Mulungu chonchi: mzere woyamba wa m'mawa uliwonse ukhale wake. Mu mzere umenewo sayankhula, saimba, sayankha moni. Chikhatho chikadzaza, asanaponye m'dengu, atchule munthu mmodzi mumtima ndi kunena kwa Mulungu chabwino chimodzi cha munthuyo. Chikapanda kupezeka, masambawo akhale m'manja mpaka chipezeke.

Tsiku loyamba kunali chiperoni, phiri litafunda nkhungu, madzi akutsika m'khosi. Anayamba ndi wosavuta.

"Ambuye, a Estele... ali ndi mano onse."

Anaponya. Iwo eni anaona kuti ayamba mwaumbombo, koma chabwino n'chabwino. Kwa mkulu wa mpingo uja anapeza chakuti samenya mkazi. Kwa mneneri, atalimbana nazo mpaka pakati pa mzere, anapeza chakuti Baibulo sanaligwetse. Mzere umene kale ankaumaliza akuseka unawatengera nthawi yoti anzawo anali atalowa wachitatu.

Kumalaini kunabuka mphekesera. Ena amati a Millie alodzedwa, ena amati agwidwa ndi sitiroko ya pakamwa pokha. Amene anavutika koposa anali kapitawo wawo, a Hopewell, bambo wa mimba yotsogola. Iwo ankadziwa kuti mayiwa akakhala chete ndiye kuti akuphika nyimbo, ndipo chete wautali chonchi ndiye kuti mphikawo ndi waukulu.

"Amake Fanuel," anatero tsiku lina akuyenda m'mbali mwa mzere, chipewa chili m'manja, "ngati ndi nkhani ya njinga ya alamu anga ija, ndinabweza kale."

A Millie anangowayang'ana, masamba ali m'chikhatho. "Ambuye, munthuyu amawalola amayi oyamwitsa kuti apume pamthunzi, ndipo sanenera." Anaponya m'dengu n'kupitirira. A Hopewell anapita kunyumba osamva kukoma chakudya.

Masabata akupita, kanthu kanayamba kusintha. Diso lija limene linkaona batani lothothoka lili patali linapezeka kuti limaonanso zina, kungoti silinkatumidwako. Anaona kuti mayi amene ankamuseka chifukwa choyenda motsimphina amafika woyamba pa maliro aliwonse. Anaona kuti a Estele, pamene a Hudson ankadwala, ankaponya masamba awo m'dengu la a Millie mobisa, ndipo sanatchulepo. Tsiku limenelo a Millie anathyola mzere wachiwiri ali chete, popanda pangano. Anayambanso kumva zinthu zimene phokoso lawo linkaphimba: kuthyoka kwa nsonga za tiyi, madzi akutsika m'phiri, kupuma kwawo. Nthawi zina kankabwera kanyimbo kopanda mawu, n'kuyenda nawo pang'ono, n'kupita.

Koma panali dzina limodzi limene ankalizemba. M'mawa wina anati lero ndi lero. Chikhatho chinadzaza.

"Ambuye, Rosie..."

Zii. Anayesanso. Chimene chinkabwera ndi katani ya pawindo ndi mawu aja akuti panga sipapeka nyimbo. Masamba anatentha m'manja, anafota, ndipo tiyi wofinyidwa chotero kusikelo amamukana. Anawataya pansi n'kudzaza chikhatho china. Mawa lake chimodzimodzi. Mlungu wonse dengu lawo linkapepuka, mpaka a Estele anafunsa ngati manja ayamba nyamakazi.

"Ndikusaka chabwino cha apongozi anga."

"Ndiye mpaka kutaya tiyi? Ingonenani kuti ndi wokongola."

"Mulungu ndi mwana kodi, woti ndimunamize ndi siwiti? Ndikufuna chimene ndinaona ndi maso angawa."

Vuto linali lakuti mtsikanayo anakhala naye nyumba imodzi miyezi ingapo, koma sanamuyang'anepo. Ankangomudikira kuti alakwe. Tsono anayamba kubwerera m'maganizo ku tsiku la kalongonda lija, pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza singano m'mphasa. Anaona Fanuel ndi mtondo wake. Anaona mphika. Kenako anaona chimene tsikulo anachidumpha: pa tebulo panali mbale ina, mbale yamaluwa imene Rosie anabwera nayo kuchokera kwawo, yovundikira bwino ndi kansalu, itaikidwa pamalo pamene a Millie ankakhala. Mtsikanayo sanaphikire mwamuna wake kalongonda uja. Anaphikira apongozi, chakudya cha kwawo kwa apongoziwo, kuti akaweruka adabwe. Nanga akanafunsa ndani kaphikidwe kake, m'malaini mmene funso lililonse lopusa linkasanduka nyimbo dzuwa lisanalowe?

"Ambuye, mwana uja ankafuna kundikonda."

Anaponya m'dengu. Kenako anakhala pansi pakati pa tiyi, mame akuwanyowetsa, ndipo a Hopewell anayang'ana kumbali ngati sakuona.

Koma kulira sikuchotsa nyimbo mkamwa mwa akabaza a ku Limbuli. A Millie anaganiza ngati mmisiri tsopano. Ankadziwa ntchito yawo: anthu sasiya nyimbo chifukwa yaletsedwa, amaisiya akapeza ina yokoma kuposa. Anayesa kupeka yoyamikira Rosie. Inatuluka yabwino, yaulemu, yoti n'kuimba pa chinkhoswe, ndipo a Estele ataimva anayasamula.

"Anthu saimba zimenezi pa njinga, anzanga. Amafuna ya mano."

"Ya mano iluma munthu."

"Ndiye mupeze woti alumidwe."

M'mawa mwake, mu mzere wa chete, chikhatho chitadzaza, a Millie anazindikira kuti pali munthu mmodzi pa esiteti yonse amene aliyense wakhala akulakalaka kumuimba kwa zaka zambiri, koma palibe analimba mtima. Anaseka osatsegula pakamwa, mpaka dengu linagwedezeka kumsana. Kenako anasiya kuseka, chifukwa anadziwa mtengo wake.

Anadikira nthawi yoyeza masamba, pamene gulu lonse limafola pamzere wa sikelo, madengu ali pansi. Anakwera pa chitsa, n'kuyamba mayimbidwe omwe aja a kalongonda, amene aliyense ankawadziwa. Anthu anadzidzimuka, poti mwini wake anali ataletsa. Koma mawu anali ena:

Millie, Millie, waimbanji?
Mbereko yako ikubereka mphepo.
Pakamwa pako n'chikwakwa, mayi iwe,
Watchetcha udzu, watchetcha ndi ako omwe.

Palibe anavomera. Anthu ankayang'anizana, akuganiza kuti ndi msampha.

"Mwagontha? Vomerani! A Hopewell, inu ndinu a besi kutchalitchi, yambani!"

"Ine, mayi, ndili pa ntchito."

"Yambani, apo ayi ndibwerera ku nkhani ya njinga ya alamu anu."

A Hopewell anayamba. Mayi wotsimphina uja analowa. Kenako zinaphulika. Anthu amene anaimbidwapo, ndi ana awo, ndi akazi awo, onse anatsegula kukhosi. Ena anavina ndi madengu. Wina anawonjezera mzere wake wonena za mapazi a a Millie, umene mwini nyimbo sanaupemphe, ndipo unali woluma kuposa yonse. A Millie anaima pachitsapo akuomba m'manja kuti nyimbo isafe, nkhope ikumwetulira. Pamenepo m'pamene anadziwa mmene mluzu umamvekera ukakhala kuti ndi wako.

Sanalekere pomwepo. Nyimboyo inafunika kufika ku Limbuli, ndipo sakanadikira kuti iyende yokha. Loweruka lililonse ankakwera minibasi n'kutsikira patali ndi msika, n'kukwera kabaza, osati kupita kwa Fanuel, koma kungozungulira.

"Achimwene, mukuidziwa ya Rosie?"

"Aaa, ndani saidziwa, mayi."

"Imeneyo ndi yakale, ya agogo anu. Ku Boma akuimba iyi." N'kumuphunzitsa ali pa kaliyala.

"Ha! Koma Millie ameneyu ayenera kuti ndi mfiti yeniyeni."

"Mukanamuona, achimwene. Palasani."

Kumalaini ulemu wawo unagwa ngati khoma la m'dzinja. Ana amene kale ankathawa akawaona, tsopano ankawatsata akuimba. Kuchigayo amayi ankachita dala kufunsana kuti ndani ali ndi chikwakwa chobwereka. Nthawi zambiri yankho linkafika pa lilime lili lonola kale, lokwanira kugonetsa munthu mlungu wathunthu. Ankalimeza, n'kumusunga munthuyo kuti mawa akhale woyamba mu mzere wa chete. Ena ankatenga zikhatho zitatu chabwino chawo chisanapezeke. Tsiku lina anagonja, anamulalatira mtsikana wina pa mpopi mpaka ndowa inagwa. Mawa lake anayambiranso. Sanakhale mngelo mayiwa, musamve molakwa. Mpaka pano a Hopewell amayenda mosamala.

Nyengo yozizira itapita, mitengo ya mango itachita maluwa, a Estele anabwera kuchokera ku maliro cha ku Limbuli n'kunena kuti ana a kumeneko akusewera fulaye akuimba za chikwakwa, ndipo atawafunsa za Rosie anayankha kuti Rosie wake uti. A Millie anasamba, anavala, n'kunyamuka.

Anapeza Fanuel pabwalo atatembenuza njinga miyendo m'mwamba. Rosie anali pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Nthawi ino a Millie sanafuule odi. Anagwada patali pang'ono n'kuomba m'manja mofatsa.

"Mwaswera bwanji, amake Sungani?"

"Taswera, kaya inu, apongozi." Rosie sanadzutse mutu. Mumsewu munadutsa wakabaza akuliza mluzu. "Mwamva? Ikadalipo."

"Mluzuwo ndalephera kuupha, mayi. Sindinama. Ndangochotsamo inu."

Rosie anatola kamwala mu mpunga n'kukaponya kutali.

"Dzana kuchigayo mayi wina amandifunsa ngati ndikumudziwa Millie wa chikwakwayu, poti ndinakhalako kumalaini. Akuti amva kuti ali ndi mano awiri otuluka ngati nguluwe."

"Munati bwanji?"

"Ndinati manowo n'zoona." Pakona pa mlomo wa Rosie panagwedezeka. "Ndinatinso ndi agogo a mwana wanga, asamale pakamwa."

Fanuel anazungulitsa teyala la njinga popanda chifukwa. Rosie anaika lichero pansi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mwana. Sanalinso kakhanda kaja kolira ngati mphaka. Anali mnyamata wonenepa, wa mano awiri, wodziwa kale anthu ake ndi alendo. Amayi ake anamuika pamiyendo ya a Millie n'kubwerera kumpunga wawo.

Sungani anayang'ana nkhope yachilendoyo, anakoka mpweya, n'kulira kulira kwa agogo ake enieni, koti nkhuku zinabalalika.

"Iii, mwamuna wanga, ukundikana pagulu? Amake, mutengeni, akuopa."

"Mutonthozeni. Si inu oimba?"

"Ndimuimbire?"

"Muimbireni. Koma musatchule munthu. Ngakhale inuyo."

A Millie anatsegula pakamwa. Nyimbo zonse za moyo wawo zinafola m'mutu, ya kapitawo, ya mkulu wa mpingo, ya a Hudson, ndipo iliyonse inali ndi munthu wake atapachikidwa m'kati. Anatsekanso. Mwana ankalirabe, atauma thupi ngati nsungwi. Anamuika pachifuwa, n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi, mawu opanda mawu, osadziwa kumene akupita nawo. Anaphonya, anabwerera, anapeza kanjira, n'kukatsata. Kulira kunayamba kuduka, kunasanduka kusisima, kenako kunatha. Sungani anadzutsa mutu kufunafuna kumene kukuchokera phokosolo, anatambasula kadzanja kake konyowa ndi malovu, n'kugwira mphuno ya agogo ake zolimba.

"Fanuel," anatero Rosie akupeta, "kagwireni nkhuku ija. Amayi agona konkuno."